Ndinakaona Linga Mkaka Uli Chuchuchu

Anthu a kuno ku Chezi akandifunsa kuti ku nyanja ya mchere kunali bwanji, ndimangoti kunali bwino. Ndimanama. Chimene ndimakumbukira pa ulendo uja ndi fungo, ndipo fungo loipa kuposa onse linali langa lomwe.

Ndili ndi satifiketi ya zokopa alendo. Imagona m'chikwama pansi pa bedi, mwini wakene ndikugulitsa tomato ndi anyezi m'mbali mwa msewu wa ku Salima. Pa mayeso omaliza ku koleji ndinalemba za linga lakale la Apwitikizi, la pachilumba china ku Mozambiki, ndipo ndinakhoza bwino, chikhalirecho nyanja ya mchere ndisanaionepo. Tsono achemwali anga a Enelesi, amene amakaoda zitenje ku Nampula, atandiuza kuti, "Tiye ukandinyamuleko katundu, tikamaliza ukaone chilinga chako chija," ndinavomera pomwepo. Za Tadala ndinaganiza nditavomera kale.

Tadala ndi mwana wanga woyamba. Nthawi imeneyo n'kuti atangoyamba kuyenda, akuyamwabe, ndipo analibe mapepala odutsira malire. Bambo ake amaphunzitsa ku Msakambewa, amabwera Lachisanu lokha. Wotsala naye anali apongozi anga.

"Pitani, amake Tadala, palibe vuto," anatero apongozi. "Ndiye kuti mwana waleka kuyamwa basi. Bere likagona kutali ndi mwana limasasa. Mukadzabwera musadzamupatsenso, mungatiphere mwana ndi kutsegula m'mimba."

"Koma ku sikelo anati ayamwe mpaka zaka ziwiri, amayi."

"A ku sikelowo alera ana angati? Ine anga onse ali moyo. Wina ndi amene akusunganiyo."

Atatero anandipatsa kachigubu komwe munali mafuta ophikira, kotsukatsuka, kuti ndikawatungire madzi a m'nyanja ya mchere. Kwathu munthu sapita kumeneko n'kubwera chimanjamanja. Madziwo amati amathamangitsa zoipa pakhomo.

Ine ndinali ndi yanga mumtima. Anamwino a ku sikelo anandiuza kuti mkaka susasa m'bere, koma ukasiya kuufinya umauma. Ndinatsimikiza kuti ndizikafinya njira yonse, ndipo pobwera Tadala adzayamwa, apongozi afune asafune. Momwe ndidzawauzire, sindinkadziwa.

Kuchoka pa Chezi kutsetsereka mapiri mpaka ku Salima kunalibe nkhani. Nkhani inayamba pa depoti. Minibasi ya ku Mangochi tinaipeza yodzaza ndithu, tinakwera mokondwa, koma titangolipira anthu theka anatsika. Anali anyamata oitanira, ongokhalira mipando kuti tikopeke. Tinakhala pamenepo dzuwa likukwera, injini ikungolira osasuntha. Bambo wina anakwera ndi thumba la nsomba zouma n'kulikhazika pamiyendo panga ngati ndine tebulo.

Pofika pa Golomoti mawere anali atalimba ngati mapapaya aawisi. Galimoto ikagunda dzenje ndinkaluma mlomo. Kenaka ndinamva kufunda kukutsika pamimba. Poyang'ana, bulauzi yanga yachikasu inali ndi mabwalo awiri onyowa.

Kondakitala anaona. "Mayi, mwana mwamuiwala pa depoti kodi? Tibwerere?"

Minibasi yonse inaseka. Mayi wina kumbuyo ananena mokweza dala: "Atsikana a masiku ano. Mwana kumusiya akuyamwa, iwo kumakayenda."

"Mwanayo ndi wanu?" anawabweza achemwali. Ine ndinangofunda chitenje, thukuta lili kamukamu.

Pa Mangochi ndinathamangira ku chimbudzi cholipira. Sindifotokoza zonse. Pansi panali madzi osadziwika kochokera, chitseko chinalibe loko, ndinachigwira ndi phazi. Ndinaima pamwamba pa dzenje, ndikupuma ndi pakamwa, n'kuyamba kufinya. Mkaka wa mwana wanga, umene kunyumba ndimasamba m'manja ndisanaukhudze, unkagwera m'menemo, ntchentche zikuuluka kuchoka m'dzenje kudzatera pa ine. Wina anagogoda.

"Mukubereka kodi m'menemo?"

Tinakwera mapiri a Namwera n'kukagona pa Chiponde, pa malire. M'mawa, tisanadutse, ndinaimba foni kwa anansi athu kuti andipatsire apongozi. Asanalankhule n'komwe ndinamva Tadala akulira chapatali, mawu atasasa.

"Wadya, amayi?"

"Adya akamva njala. Inu yendani bwino. Chigubu chija musataye."

Foni inaduka. Kutsidya netiweki ya kwathu kulibe, ndiye kulira kumene kuja ndi kumene ndinayenda nako sabata yonse.

Pakati pa chipata chathu ndi cha ku Mozambiki pali kamtunda ndithu, ndipo tinakwera njinga zamoto za kabaza. Wanga ankayendetsa ngati akuthawa ngongole. Ndinayesa kukhala motalikira kuti chifuwa chisagunde msana wake, koma akaponda buleki ndinkangomuwomba nacho. Titatsika anagwira malaya ake kumsana, ananunkhiza dzanja, n'kundiyang'ana. Anangokwera njinga yake n'kupita. Bola akanatukwana.

Pa Mandimba minibasi amazitcha chapa, ndipo nazonso sizinyamuka zisanadzaze mpaka pakhomo. Tikudikira, achemwali anapita kumsika n'kubwera ndi kabichi.

"Ika masamba awa m'kamisolo. Amaziziritsa."

"Kabichi, achemwali?"

"Ndabereka anayi ine. Ika."

Poyamba anaziziritsadi. Koma m'chapa munali anthu ochuluka kuposa mipando, mawindo osatseguka, ndipo masamba aja anayamba kupsa ndi thupi langa. Fungo la kabichi wofota litasakanikirana ndi la mkaka wouma pa nsalu, ndinkanunkha ngati ndiwo zogona zimene aiwala kutenthetsa. Mnyamata amene anali kumanzere kwanga anatulutsa mphuno pa kampata ka windo ulendo wonse.

Tisanafike ku Cuamba chapa inatsokomola n'kuzima pakati pa tchire. Dalaivala anatsegula kutsogolo, anayang'ana, anakwera njinga ya munthu wodutsa n'kupita osatiuza kanthu. Tinakhala pansi pa mtengo wopanda mthunzi weniweni. Ndinalowa m'tchire kukafinya, linthumbu n'kundikwera m'miyendo, ndinatuluka ndikudumpha, bere lili pamtunda. Amuna anayang'ana kumbali. Akazi anaseka mpaka kugwirana mapewa.

Mmodzi wa akaziwo anali ndi khanda lonenepa bwino. Dalaivala atabwera ndi chitsulo chake tinapakirananso, ndipo mayiyo anakhala moyandikana nane. Khandalo linanunkhiza. Linatembenuza mutu, linasiya amake, n'kuyamba kufunafuna pa chifuwa changa ndi kakamwa kotsegula. Mkaka unangoti chuchuchu, mbali zonse ziwiri. Mayiyo anaseka n'kunena kanthu m'chilankhulo chawo.

"Akuti um'patse, iye apumeko," anamasulira achemwali.

Ndikuuzeni zoona, dzanja langa linafika pa batani. Ndinaliletsa. Mwana wa eni, ndipo sindidziwa za magazi ake, iwonso sadziwa za anga. Ndinatembenukira ku windo n'kulira mwakachetechete, khandalo likundikanda pamkono mpaka ku Cuamba.

Ku Nampula tinafika tsiku lotsatira, ine thupi litatentha. Bere lakumanja linali ndi chotupa cholimba, chofiira. M'chipinda chimene tinachita lendi, achemwali anapempha madzi otentha, ananyika kansalu, n'kuyamba kundithowa mosanyengerera.

"Mayo! Pang'onopang'ono, achemwali!"

"Iwe wadzera zitenje kapena wadzera kukama? Ungolisiya liume. Apongozi ako anena kale kuti sayamwanso. Ukuzunzikiranji?"

"Ayamwa."

"Ukalimbana ndi gogo uja? Iwe amene ukamuona umagwada ngakhale pamatope?"

Ankanena zoona. Apongozi anga ndimawaopa. Chilowereni m'banjamo sindinawatsutsepo, ngakhale pa kathiridwe ka mchere.

Zitenje tinaoda, tinamanga mabelo, tinasungitsa. Za m'misika ya ku Nampula musandifunse, ndinkangoona pamene pali chimbudzi. Chotupa chitaphwerako tinakwera chapa ina ya ku chilumba. Tinawoloka mlatho wautali, wopapatiza, madzi mbali zonse, obiriwira ngati awathira utoto. Ndinayesa kusangalala. Koma tinanyamuka m'mamawa ndisanafinye, ndipo maganizo onse anali pachifuwa.

Lingalo lili kumapeto kwa chilumba. Ndi lalikulu kuposa mmene ndinalilembera pa mayeso, makoma ake okhuthala moti ngolo ikhoza kuyenda pamwamba. Masiku ano ndi malo ongopumulirako anthu. Tinapeza ana a sukulu akuthamangitsana pabwalo la m'kati, banja lina litayala nsalu likudya mpunga, mnyamata ndi chibwenzi chake akujambulana. Mizinga yakale ili ndandanda kuloza kunyanja. Achemwali anakwera pa umodzi ngati akwera bulu.

"Ndijambule! Uonetsenso nyanjayo, a ku Chezi akakhulupirire!"

Ndinawajambula, n'kuwasiya pomwepo kukafuna chimbudzi. Chinali chokhoma. Ndinazungulira m'mbali mwa khoma mpaka ndinapeza kakhomo kotsikira m'chipinda chamdima. Nditangolowa fungo linandiwomba: mkodzo wakale, ndowe za mileme, chinyontho. Sindinali woyamba kupeza chimbudzi chokhoma. Pangodya panali mapepala ndi zina zimene sindinafune kuziyang'anitsitsa. Kuwala kunkalowera pa kabowo kamodzi kokha, m'mwamba.

Ndinayang'ana kukhoma n'kumasula mabatani. Mkaka unkamenya mwala n'kutsetsereka. Pamenepo mawu a apongozi anandibwerera. Nanga ngati akunena zoona? Masiku onsewa m'dzuwa, thupi litatentha, kabichi, chotupa chija. Mwina wasasadi. Mwina ndikusungira mwana wanga poizoni. Ndinafinyira pang'ono m'dzanja, ndinatseka maso, n'kunyambita.

Unali wotsekemera. Wofunda, wotsekemera ngati tiyi wa mwana. Malowo anali onyansa, koma mkakawo unalibe vuto.

Ndisanamange mabatani ndinamva mapazi. Anali bambo woonetsa alendo malo, ali ndi azungu angapo. Ndinadzikuta chitenje n'kukanirira kungodya. Azunguwo anagwira mphuno. Bamboyo ankalankhula Chingerezi chothyokathyoka, koma ndinamva. Anati m'zipinda ngati chimenechi ankatsekeramo anthu. Anati pachilumbachi pankafika akapolo ochokera kumtunda, ena kuchokera kufupi ndi nyanja yathu ya ku Malawi, atayenda pansi njira yonse, kudzadikira zombo. Mzungu wina anajambula khoma, pomwe panali ponyowa ndi mkaka wanga, n'kutuluka msangamsanga.

Zimenezi ndinkazidziwa. Ndinazilemba pa mayeso, mizere yowongoka bwino, aphunzitsi n'kuchonga. Koma polemba paja sindinaganizepo kuti mwa anthu amenewo munali akazi oyamwitsa. Njira imene ine ndinadutsa pa chapa ndikudandaula kabichi, wina anaiyenda wapansi, mawere atalimba chimodzimodzi, mwana atatsala kumudzi kapena m'njira. Iye analibe tsiku lobwerera. Mwina anaima pangodya ngati yomweyi n'kufinyira pa mwala. Ndipo lero anthu amakodzapo. Inenso ndinalowamo ngati m'chimbudzi.

Ndinatuluka n'kusanza m'mbali mwa khoma. Achemwali anandipeza ndikupukuta pakamwa.

"Usandiuze kuti uli ndi ina mimba."

"Ayi. Tiyeni tikatunge madzi tizipita."

Tinatsikira kumchenga kuseri kwa linga. Madzi anali ataphwera, miyala ili poyera. Pakati pa miyalayo panali mapulasitiki, matumbo a nsomba, ndipo chapatali pang'ono munthu anali atanjuta, msana kuloza kwa ife, osachita manyazi. Poyenda tinkasankha popondapo.

"Tunga pompa," anatero achemwali. "Mchere umapha zonse."

Ndinakwinya siketi n'kulowa mpaka m'mawondo, kufuna pamene pakuoneka poyera. Chigubu chikumeza madzi, chinthu china chinadutsa chikuyandama pafupi ndi dzanja langa. Sindinachitsatire ndi maso. Ndinatseka chigubu, ndinachikulunga m'mapepala apulasitiki awiri, ndipo njira yonse sindinalole kuti chigundane ndi chakudya.

Pobwerera mavuto anali omwewo, kuwonjezapo mabelo. Koma china chinasintha. Pa Cuamba ndinafinya, n'kutuluka timadontho tokha. Pa Mandimba bulauzi inali youma. Chimene chinkandinyansa njira yonse chija ndinayamba kuchifuna. Ndinamwa thobwa, ndinatafuna chinangwa chachiwisi ndi mtedza monga amachitira kwathu, ndinkafinya paliponse galimoto ikaima, osasamalanso za ondiona. Pa Salima ndinapemphera m'chimbudzi cha pa depoti: Ambuye, usaume lero, watsala mtunda wochepa.

Tinatsika pa Chezi dzuwa litapendeka. Apongozi tinawapeza pakhonde, Tadala ali pamiyendo. Onse awiri anali ataonda. Maso a apongozi anali ofiira, mpango utapotoka. Pambali pawo panali mbale ya phala losadyedwa, ndi kasosala ka tsabola wosinja, wondidikira ine kuti ndipake ku mawere.

Tadala anandiyang'ana, n'kutembenuza nkhope. Chimenecho chinandipweteka kuposa chotupa chija. Kenaka anatsetsereka pamiyendo ya agogo ake, anabwera akudzandira, anagwira bulauzi yanga n'kuyamba kukoka. Kulira kwake kunalibe mawu, kunkangomveka mpweya.

"Pakani tsabolayo msanga," anatero apongozi. "Akalawa kamodzi aleka."

Ndinagwada, koma tsabola sindinamutenge.

"Amayi, mkakawu sunasase. Ndakhala ndikufinya njira yonse. Ndinaulawa ndekha."

"Munatani?"

"Ndinaulawa. Ndi wotsekemera."

Apongozi analavula malovu kumbali. "Zonyansa! Munthu wamkulu kumwa mkaka wake womwe? Zimenezi ndiye za ku koleji?"

Achemwali anayang'ana kumwamba ngati akuwerenga malata. Tadala yekha ankakoka bulauzi, batani limodzi linaduka. Sindinamuchotse, ndipo sindinadzuke. Apongozi anayang'ana mwanayo nthawi yaitali, anayang'ana mbale ya phala ija, anapukuta m'maso ndi nsonga ya mpango.

"Chichokereni inu sindinagone," anatero motsitsa mawu. Kenaka anakweza: "Madzi aja mwabwera nawo?"

"Ali m'chikwamamu, amayi."

"Nanga mukuchedweranji? Bere losasa amalitsuka ndi madzi a m'nyanja ya mchere, likatero lakonzeka. Simudziwa zimenezo? Ana inu mumaphunzira chiyani?"

Chibadwire changa lamulo limenelo sindinalimvepo, ndipo apongozi anga sanapitirirepo pa Salima. Achemwali anatsokomola kubisa chiseko. Ine ndinamvetsa kuti andipatsa njira. Koma ndinkadziwanso chimene chinayandama pafupi ndi chigubu chija, ndipo tsopano madziwo ankayenera kupita pamene mwana wanga aike pakamwa.

"Ndiyambe ndawafunditsa, amayi. Ozizira angamulowetse chifuwa."

"Funditsani, koma changu."

Ndinawathira onse m'poto n'kusonkhezera moto. Anafunda, sindinaphule. Anayamba kuwira, sindinaphule. Fungo la kuseri kwa linga lija linadzaza m'khitchini, Tadala akulira pa mwendo wanga.

"Amake Tadala!" anakuwa apongozi. "Mwati kufunditsa, kapena mukuphika nyemba?"

Nditawaziziritsa ndinatsuka mawere onse awiri apongozi akuona, iwo akuloza ndi chala pamene ndasiya. Potembenuka ndinapukuta ndi nsonga ya chitenje imene ndinainyika m'madzi a pamjigo. Madzi otsalawo ndinawabwezera m'chigubu, ndinakhala pansi n'kumutenga mwana.

Anayamwa kamodzi, anakwinya nkhope, anandiluma. Anayamwanso. Palibe chinatuluka. Anasiya n'kundiyang'ana mokwiya. Anagwiranso, mwamphamvu, akundimenya ndi kachibakera pachifuwa. Pamenepo ndinamva kunyerenyetsa kuja kukutsika kuchokera m'khwapa, ndipo ndinamva akumeza. Anameza, anameza, maso akutsekeka. Apongozi anatenga kasosala ka tsabola n'kukathira m'ndiwo.

Koma mantha anga sanathere pomwepo. Mawu aja akuti mungatiphere mwana anali adakali m'mutu. Nanga akatsegula m'mimba? Zikanakhala za mkaka, za madzi aja, kapena za fumbi la m'njira, mlandu ukanakhala wanga, ndipo bere akanalitseka mpaka kalekale.

M'mawa Tadala anachita chimbudzi. Ndinamuvula thewera n'kutuluka nalo panja kuti ndilione powala. Apongozi anali atafika kale, ndodo ili m'manja. Tinawerama tonse awiri, mitu kugundana, mpongozi ndi mpongozi wake, kuyang'ana thewera la mwana ngati tikusankha mbewu. Linali labwinobwino, lolimba mwa masiku onse.

"Mwaona mphamvu ya madzi aja?" anatero apongozi.

"Ndaona, amayi."

Anapita kukapachika chigubu chawo pamwamba pa chitseko. Ine ndinatsala nditagwira thewera lija. Ndadutsa m'zimbudzi za m'madepoti kuyambira ku Salima mpaka ku chilumba nditatseka mphuno, koma ili ndinalibweretsa pafupi, n'kulinunkhizanso kachiwiri.